Chala cha a Nangondo pa Phazi la Tadala

Linali Lachinayi, 10 koloko m'mawa, m'mwezi wa Febuluwale, pamene amalume anakhazika bwalo pakhonde pathu kuti abambo aulule. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa belu lopumira la kusukulu kwathu linalira kutsidya kwa khwawa ine ndili pakhomo, atandijombetsa kuti ndilere mng'ono wanga Tadala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata, nkhuni zonse zinali zonyowa, ndipo utsi wa m'khitchini unkangokwawa pansi pa denga n'kumatiwawa m'maso, utasakanikirana ndi fungo la chuku la zofunda zimene zinakana kuuma.

Tadala anali asanakwanitse zaka ziwiri. Amayi anamuletsa kuyamwa atazindikira kuti ali ndi pakati pena, poti kwathu amati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Chakudya chake chinangokhala phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira mchere basi, chifukwa mtedza ndi nyemba zinali zitatha kalekale. Poyamba anthu ankamuyamikira kuti wayamba kunenepa. Kenako mapazi anatupa mpaka khungu kumanyezimira, tsitsi linafiira n'kumathothoka, ndipo anasiya kuseka. Ukamupatsa phala ankangotembenuza nkhope.

Kuno ku Dambe mwana akatupa chonchi, mawu amene amabwera msanga pakamwa pa anthu ndi akuti tsempho. Amati bambo akayenda ndi mkazi wina kunja n'kubwera kudzagwira mwana wake, mwanayo amatupa, ndipo sachira pokhapokha bamboyo ataulula, azitsamba n'kupereka mankhwala. Abambo anali atangobwerako ku Mozambiki kumene anakalima ganyu milungu itatu kuti atipezere chimanga. Anthu sanafunenso umboni wina. Abambo anali mkamwini, kwawo ku Ligowe, ndipo mwini mbumba anali amalume a Dikisoni, mlongo wawo wa amayi.

"Alamu, tangotchulani dzina la mayiyo basi, mwana achire," anatero amalume. "Apo ayi, pindani mphasa yanu lero lomwe, mubwerere kwanu."

"Nditchule dzina la ndani, alamu? Ine kumeneko ndinkagona mumsasa ndi amuna anzanga asanu. Kapena nditchule dzina la khasu?"

"Mukuseka eti? Mwana akutha, inu mukuseka?"

Abambo sankaseka. Panali patatha milungu iwiri atawaletsa kugwira Tadala, ndipo ankangomuyang'anira patali, manja ali pakati pa mawondo. Amayi anakhala pakhomo atatseka pakamwa ndi chitenje. Azimayi anayi achikulire a pamtundu pathu anakhala pamphasa, ndipo ine ndinali kumapeto kwa khonde, Tadala ali pamiyendo panga, akulemera ngati nsalu yonyowa.

Apa m'pamene tinamva odi wa a Nangondo.

Anali oyandikana nafe nyumba, kuseri kwa nthochi zathu, mayi wamfupi wokhala yekha, woumba mbiya. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la dothi la kumtapo limene ankalivundikira ndi masamba a nthochi kuti lisaume, ndi utsi wowawa wa makungwa amene ankawotchera mitsuko m'chilimwe, ndipo ndimamva kaphokoso ka chisononkho chimene ankapalira m'kati mwa mphika, kwee kwee, kuyambira tambala atangotsika mpaka dzuwa kufika pamutu. Zala zawo zinali zong'aluka, zikhadabo zofiira ndi dothi ngakhale pa Lamulungu kutchalitchi. Kulemba sankadziwa, koma mudzi unawasankha kukhala wodzipereka wa zaumoyo. Alangizi a zaumoyo a nthawi imeneyo anali bambo wa ku Karonga, waulemu, koma akangotulukira ndi njinga yawo azimayi ankabisa ana odwala kuchipinda poopa kukalipiridwa. Ndiye ankayamba afika kwa a Nangondo, awiriwo n'kumayendera limodzi. A Nangondo ankati, "Alangizi ali ndi mabuku, ine ndili ndi makomo."

"Pepani eni bwalo," anatero akugwada pambali pa mphasa. "Ndabwera kudzapala moto, wanga wazima."

Tonse tinkaona utsi ukutuluka kunyumba kwawo, koma palibe amene ananena. Anapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, osafulumira, ngakhale kwa abambo amene anthu ena anali atasiya kuwapatsa moni. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Esita, tandipatsa mwanayo ndimugwireko, miyendo yako yachita dzanzi."

Anamukhazika Tadala pamiyendo pawo, anagwira mapazi onse awiri, n'kudinikiza zala zawo zazikulu pamwamba pa mapaziwo, akuwerenga motsitsa mawu mpaka katatu. Atachotsa zala, pamapazi onse awiri panatsala timaenje, tili ndi dothi lofiira m'mbali, ndipo sitinabwerere.

"A Dikisoni, tasenderani muone."

Amalume anasendera monyinyirika.

"Ine ndakalambira pa dothi," anatero a Nangondo. "Mbiya ikasunga chala chonchi ndiye kuti madzi achuluka, ndipo ukaiika pamoto imaphulika. Mwanayu sananenepe ayi. M'thupi mwake mwadzaza madzi chifukwa phala akudyali lilibe mphamvu. Alangizi anatiphunzitsa kuti mwana wotere sagona pakhomo."

"Mayi, izi ndi za pamtundu," anayankha amalume. "Tsempho sapita nalo kuchipatala. Akakamubaya jakisoni ndiye kuti tamupha tokha."

Ndinkaganiza kuti a Nangondo akwiya, awauze kuti tsempho ndi bodza, chifukwa ndi zimene mtima wanga unkafuna. Koma iwo anangopukuta dothi paphazi la Tadala ndi nsonga ya chitenje.

"Za tsempho sindikutsutsani, eni mbumba ndinu. Za jakisoni ndikayankha ndine, ndikakhala pomwepo. Mlandu wanuwu usiyeni pakhonde pano, mudzaupeza, mlandu sutupa mapazi. Koma uyu akagona muno mpaka Lamulungu, khonde lomweli likhala siwa."

Amayi analira mokweza koyamba tsiku limenelo. Azimayi achikulire aja anayang'anana. Amalume anakanda m'mutu, n'kupeza pothawira.

"Nanga anyamule ndani? Mlongo wangayu ndi uyu mukumuona m'mene alili. Alamuwa sangamugwire."

"Eya, sangamugwire," anavomera a Nangondo. "Nanga mwini mbumba ntchito yake ndi yotani? Tembenukani ndikubereketseni mwanayu."

Mmodzi wa azimayi aja anaphulika kuseka, poti a Dikisoni anali asanaberekepo kumsana ngakhale mwana wawo yemwe. Asanakane n'komwe, a Nangondo anali atavula chitenje chawo chapamwamba, atamukhazika Tadala pamsana pawo n'kumanga mfundo pachifuwa. Anauza abambo kuti atenge thumba la zovala azitsatira pambuyo, anadulira amayi ndodo, ndipo ine anandiuza kuti ndikagone kwa amalume. Moto umene anadzapala uja anauiwala.

Za m'njira ndinamva kwa amayi. Akuti atafika pamtsinje anapeza madzi akulekeza m'chiuno ndipo akuthamanga. Amalume ndi aafupi, abambo ndi aatali. Anaima pagombe kanthawi, aliyense akuyang'ana madzi. Kenako amalume anamasula okha mfundo ija n'kumupereka Tadala kwa abambo, ndipo abambo anawoloka atamukweza pamwamba pa mutu, misozi ikutsika. Pachipatala cha Dambe anamwino atangoona mapaziwo anaimba foni kuboma, ndipo galimoto ya odwala inatenga Tadala, amayi ndi abambo madzulo omwewo, amalume ndi a Nangondo n'kubwerera kumudzi. Kumeneko Tadala ankamwetsedwa mkaka wa kuchipatala pang'onopang'ono, kenako chiponde. Anabwerako patatha milungu itatu atatsala mafupa okhaokha, poti madzi aja anali ataphwa, koma akulanda chilichonse chimene wina wagwira kuti adye.

Chaka chimenecho a Nangondo anayambitsa phala la pamodzi. Loweruka lililonse azimayi ankasonkhana pansi pa mango wawo, aliyense atabweretsa chimene ali nacho, wina kadzanja ka nsinjiro, wina dzira, wina mfutso wosinja, wina nkhuni zokha, ndipo wopanda kanthu ankatunga madzi n'kudyetsa mwana wake chimodzimodzi ndi enawo. Alangizi anavomera kumabwera ndi sikelo pamtengo womwewo nthawi ya dzinja, kuti a kutsidya kuno asamajombe chifukwa cha mtsinje. Ankamangirira sikeloyo panthambi, a Nangondo akuitana ana ndi mayina a amayi awo, alangizi akulemba.

Komabe panali chinthu chimodzi chimene ndinawasungira kukhosi zaka zambiri. Sanaimepo pagulu n'kunena kuti abambo analibe mlandu. Azimayi ena achikulire mpaka lero amati Tadala anachira ndi mizu imene anamumwetsa atabwerako, ndipo a Nangondo akamva ankangoti, "Chachikulu mwana akuyenda." Nditakula pang'ono, tsiku lina ndikuwathandiza kuponda dothi, ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chimene sanawatsutsire amalume pamaso pa anthu.

"Ndikanawagonjetsa, eti?" anatero osadzutsa mutu. "Iwo n'kutseka chitseko. Mawa lake ndikanalowera pati?"

Amayi ndi amene anadzandiuza kuti a Nangondo anaika ana awiri m'manda ali mtsikana, onse otupa, ndipo amuna awo anathamangitsidwa pamudzi pa mlandu womwewu. Iwo eni sanandiuzepo.

A Nangondo anamwalira chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ndine wamanyazi, kusikelo ndimakhala kumbuyo, ndipo akandiloza kuti ndiyambitse nyimbo mawu amandithawa. Koma nditakhala ndi pakati pachiwiri mwana wanga akadali kubere, apongozi atandiuza kuti ndimuletse, ndinawapempha kuti tipite limodzi tikafunse kwa anamwino, iwo ndi amene akafunse monga akuluakulu. Anapita, anafunsa, ndipo anabwerako akuwauza anzawo okha kuti mwana apitirize kuyamwa. Tadala ali Fomu 2 tsopano, wamtali ngati abambo, ndipo abambo akadali pamudzi pano.

Bwalo lija silinakhalenso. Abambo anakhala zaka zambiri osadziwa chifukwa chake, ankangoti mwina alamu awo anachita manyazi ndi za pamtsinje. Ine ndinkadziwa, poti ndinagona kwa amalume, ndipo amalume, amene akalamba tsopano, anandilola kuti ndinene.

M'mawa mwake, Lachisanu, kukadali nkhungu, ndinali kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale pamene a Nangondo anatulukira. Sanadzere kunjira ya kumaso kumene anthu akanawaona, anadzera m'munda wa chimanga, chitenje chitanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Akazi a amalume, amene tinkawatchula kuti azakhali, anali akusesa.

"Mwadzuka bwanji, anzanga? Tanditulutsirani Mwayi ndimuone."

Mwayi anali mwana wawo womaliza, msinkhu umodzi ndi Tadala. Panali patatha masiku asakuoneka panja, ankati ali ndi chimfine. Azakhali anaima ndi tsache m'manja ngati sanamve. Kenako analowa, n'kutuluka naye atamuveka masokosi aakulu a bambo ake ofika m'mawondo. Amalume anatuluka pambuyo pawo akumanga mabatani a malaya.

A Nangondo anakhala pamwala, anamuvula Mwayi masokosi aja, n'kudinikiza. Timaenje tinatsala, tosazama ngati ta Tadala, koma tinatsala.

Amalume anakhala pansi, padothi ponyowa pomwepo.

"Mayi," anatero ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, "ine chikwatirireni sindinayendepo ndi munthu. Mulungu ndi mboni."

"Ndikudziwa, a Dikisoni."

"Munadziwa liti za mwanayu?"

"Lolemba, pamjigo. Sokosi imodzi inavuka."

"Ndiye dzulo pabwalo paja, ine ndikuwakalipira alamu, bwanji simunanene? Mukanandithera pomwepo."

"Ndinabwerera ana, sindinabwerere inu," anatero a Nangondo. "Uyu sanafike poipa, tikafulumira lero mwina sakamugoneka n'komwe. Kavaleni nsapato. Wina akakufunsani m'njira, mukukazonda Tadala kuchipatala, ndipo Mwayi walirira kupita nawo."

Amalume analowa m'nyumba. A Nangondo anatembenuka n'kundipeza ndili chiimire, mbale ili m'manja, madzi akudontha.

"Esita, iwe waona chiyani?"

"Palibe," ndinayankha.

"Chabwino. Kasambe upite kusukulu, dzulo unajomba."

A Nangondo anabereka Mwayi okha, amalume anatuluka atavala nsapato, azakhali anatseka chitseko, ndipo atatuwo analowa m'chimanga, a Nangondo patsogolo akukankha masamba ndi dzanja kuti mame asamugwere mwana kumaso.