Bolodi la Pansi pa Mkuyu

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Mavoti a zipani zambiri anali atangodutsa, ndipo pa Mitundu anthu anayamba kuyankhula mokweza nkhani zimene kale ankachita kunong'onezana. Koma kwathu ufulu umenewo unkathera panja. Bambo anga anali telala, ankasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika, ndipo pa nkhani ya sukulu analibe masewera. Iwo anasiyira Sitandade 5 chifukwa chosowa fizi, ndipo bala limenelo silinapole. Atamva pa wailesi kuti fizi yatha, anazimitsa wailesiyo n'kutiyang'ana ana tonse mmodzimmodzi.

"Tsopano wolephera alibe pobisala," anatero.

Lamulo lawo tonse tinkalidziwa. Malikisi sankawawerenga, ndemanga za aphunzitsi sankazilabadira. Diso lawo linkathamangira pa kabokosi kamodzi ka pa lipoti, pamene pankalembedwa nambala imene wakhala m'kalasi. Ukakhala pakati pa asanu oyambirira, ankakusokera chovala. Ukapyola pa khumi, ankapita kuseri kwa nyumba kukathyola nthambi ya pichesi. Ukalephera kumapeto kwa chaka, sukulu yako yathera pomwepo. Sizinali zongoopseza. Achemwali anga a Esinala atalephera Sitandade 5, bambo anawakweza panjinga n'kukawasiya ku Nathenje kwa azakhali, kuti azikalera ana ndi kugulitsa mandasi pamsewu. Anapita akulira, ndipo m'kalasi sanalowemonso.

Ine zimenezi sindinkaziopa kwenikweni, chifukwa chiyambire sukulu ndinali ndisanatsikepo kupyola nambala 3. Ndinali wamfupi, choncho aphunzitsi ankandikhazika kutsogolo kwenikweni, moti fumbi la choko linkandigwera m'tsitsi.

Koma chaka chimenecho, tsiku lotsegulira, bwalo la sukulu linadzaza ngati tsiku la msika. Kunabwera tiana tosadziwa n'kupukuta mamina komwe, kunabweranso anyamata andevu amene anasiya sukulu kalekale n'kumalima fodya. Zipinda zinachepa. Ife a Sitandade 4 anatitulutsa kuti tizikaphunzirira pansi pa mkuyu, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Aphunzitsi athu, a Kamwendo, anali mnyamata wongomaliza kumene Folomu 4, mmodzi mwa amene analembedwa ntchito mwachangu kuti athandize chikhamu chimenechi. Malo akutsogolo ankalimbirana ndi zigongono, ndipo ine ndi kathupi kanga ndinkapezeka kumbuyo kwenikweni, kumene mthunzi unkathera.

Kuchokera kumeneko bolodi linkaoneka ngati mtambo wakuda wokhala ndi timizere toyera. Sindinaganizepo kuti ndili ndi vuto. Ndinkayesa kuti aliyense wokhala kumbuyo amaona chomwecho, kungoti anzanga ndi ochenjera kuposa ine. Ndinkakopera m'kope la mnzanga woyandikana naye, mpaka tsiku lina anandinenera kuti ndikuonera, ine n'kulandira mikwapulo m'manja. Mayeso nawo ankalembedwa pabolodi lomwelo. Ndinkatsinzina pang'ono, n'kumangolota kuti chimene chalembedwacho ndi 3 kapena 8. Nthawi zambiri ndinkayankha bwinobwino funso limene silinafunsidwe.

Teremu yoyamba ndinakhala nambala 41. Bambo anayang'ana lipotilo kwa nthawi yaitali, kenako anapita kuseri kwa nyumba. Teremu yachiwiri ndinatsikanso kuposa pamenepo. Tsiku limenelo sanandikwapule, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa nthambi ya pichesi.

"Lusiya, wayamba kucheza ndi ndani?" anandifunsa motsitsa mawu.

"Palibe, ababa."

"Nanga nzeru zija zalowera kuti? Azakhali ako akufuna wina wowathandiza, poti Esinala akukwatiwa. Ndawauza kuti adikire mayeso omaliza."

Kuyambira pamenepo ndinkangokhala mwamantha. Chakudya ndinkangochisiya m'mbale. Ndinkaloweza chilichonse chotuluka pakamwa pa aphunzitsi, koma masamu sankanenedwa pakamwa, ankalembedwa. Amayi ankaona kuti ndikuonda, koma chimene ankatha kunena n'chakuti, "Limbikira mwananga, bambo ako ukuwadziwa."

Tsiku lotsekera sukulu kunacha ndi chimphepo chozizira cha mwezi wa Julaye. Masiku amenewo zotsatira za mayeso ankaziwerenga poyera, makolo onse alipo. Ana tinakhala pansi pafumbi, kalasi iliyonse payokha, makolo ataima motizungulira. Mphunzitsi aliyense ankaimirira ndi pepala lake n'kumatchula mayina kuyambira nambala wani. Wotchulidwa ankadzuka n'kukaima mbali ina, amayi ake akumululutira nthungululu. Bambo anga anatseka makina awo tsiku limenelo n'kubwera atavala jekete la kutchalitchi. Pamene anaima sindinkatha kupaona, koma ndinkamva maso awo kumsana kwanga.

A Kamwendo anaimirira n'kuyamba kuwerenga. Mayina oyambirira anadutsa, langa palibe. Ndinadziuza kuti pakati lipezeka. Anzanga ankadzuka mmodzimmodzi, kumanja ndi kumanzere, ndipo pamene ndinakhala panayamba kuoneka poyera ngati munda wokololedwa. Ndinapemphera kuti ndikhale ngakhale womaliza weniweni mwa okhoza. Kenako a Kamwendo anapinda pepala lija.

"Amene mwatsala pansinu, mubwereza."

Sukulu yonse inatikuwiza kuti, "Woooo!" Anyamata andevu aja ankaseka n'kumagwirana chanza, poti kwa iwo zinalibe kanthu. Ine ndinangokhalabe pansi pomwepo. Ndinangoona mateyala a njinga ataima patsogolo panga.

"Tiye," anatero bambo.

Njira yonse ankakankha njinga, ine ndikutsatira m'mbuyo. Titafika kunyumba anauza amayi kuti andimangire zovala. Ndinawamva amayi akudandaula m'nyumba.

"Bambo a Esinala, mwanayu ngwamng'ono. Mupatseni chaka chimodzi chokha."

"Ndikapinda lamulo kwa uyu, enawa aona njira. Ine sukulu ndinkaililira, awa aipeza yaulere n'kumaiseweretsa."

M'mawa mwake ndinakwera pakaliyala, kamtolo ka zovala kali pamiyendo, tinayamba ulendo wa ku Nathenje. Msewu unali wafumbi. Tinadutsa minda ya mapesi ouma ndi zigafa za fodya zopanda kanthu, mphepo ikundilowa m'diresi. Sindinalire. Ndinkangoganiza za beseni la mandasi ndi ana asukulu amene azidzandidutsa atanyamula makope, ine ndili pamsewu.

Titafika pamsewu wa tala, bambo anandisiya ndi njinga pafupi ndi amayi ena ogulitsa matimati, iwo n'kuwoloka kukagula shuga woti akapereke kwa azakhali. Ndinaima pomwepo ndikuyang'ana tsidya la msewu, kumene anthu ankangooneka ngati zithunzithunzi zoyenda. Patapita kanthawi ndinadzidzimuka atandigwira paphewa mwamphamvu.

"Ndakhala ndikukukodola kuti ubwere ndi njingayi, iwe n'kumangondiyang'ana ngati chitsa! Wayambanso mwano?"

"Sindinakuoneni, ababa."

"Sunandione? Maso ako anali pa ine!"

Dzanja lawo linakwera m'mwamba, ine n'kubisa mutu. Koma silinatsike. Nditasuzumira ndinapeza akundiyang'ana mwachilendo.

"Sitolo ili apoyo, yapenti yobiriwira, yalembedwa chiyani?"

Ndinatsinzina monga ndinkachitira pansi pa mkuyu paja. Penti yobiriwira ndinaiona, koma zoti palinso zilembo sindinkadziwa. Bambo anabwerera m'mbuyo mapazi angapo n'kukweza dzanja.

"Zala zingati izi?"

Chifukwa cha mantha ndinangolota. "Zitatu."

Anali atakunga chibakera. Mmodzi wa amayi a matimati aja, amene ankaonerera zonsezi, analowererapo.

"Bambo, mwanayu ndi maso. Mupite naye ku Nkhoma akamuone."

"Maso bwanji? Ulusi mu singano amandilowetsera ndi yemweyu, ine ukandikanika."

"Singano imakhala pamphuno, bambo. Sitolo ija ili pamphuno?"

Bambo anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, jekete lawo la kutchalitchi lomwelo, shuga ali m'manja. Anandiitana kuti ndiyandikire.

"M'kalasi umakhala pati?"

"Kumbuyo, ababa. Akuluakulu aja anatilanda malo."

"Pabolodi umaona?"

"Ndimaona bolodilo."

"Zolembedwazo?"

Ndinapukusa mutu. Apa mpamene misozi inatuluka, chifukwa ndinkayesa kuti ndaulula mlandu wina waukulu kuposa kulephera.

"Chaka chathunthu! Bwanji sunanene?"

"Ndimaopa, ababa."

Sanafunse kuti ndinkaopa chiyani. Kwa azakhali tinafika ndithu, koma kamtolo kanga sanakamasule pakaliyala. Tinagona komweko, m'mawa tinakwera matola a ku Nkhoma. Kuchipatala anandikhazika pampando n'kundiuza kuti ndiwerenge zilembo zapakhoma. Ndinatha chachikulu chapamwamba chokha. Anayamba kundiika timagalasi pamaso, kuchotsa, kuikanso tina, mpaka mwadzidzidzi khoma lonse linadzaza zilembo zakuthwa ngati zangolembedwa kumene. Ndinakuwa. Adokotala anaseka, koma bambo anatulukira panja.

Magalasi enieniwo tinakatenga patapita milungu ingapo. Ndikukumbukira kuti nditatuluka nawo panja ndinaopa kuponda, chifukwa pansi pankaoneka ngati payandikira. Phiri la Nkhoma, limene ndinkaliona ngati chimtambo, linali ndi miyala ndi mitengo, uliwonse pawokha.

Pobwerera tinadzeranso kwa azakhali kukatenga njinga imene tinaisiya kumeneko popita. A Esinala anali pakhonde, mwana wa azakhali ali kumsana, akukanda ufa wa mandasi. Atandiona anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Taonani anamwino afika! Tabwera nawo kuno ndiyeseko."

Anapukuta manja pachitenje n'kuvala magalasi aja mwanthabwala. Kuseka kunatha. Anayang'ana mitengo ya bulugamu ya tsidya la msewu, anawavula, anawavalanso. Anatembenukira kumsewu kumene basi inkadutsa, milomo yawo ikuwerenga chamumtima zimene zinalembedwa pabasipo.

"Lusiya," anatero chapansipansi, "kodi anthu onse amaona chonchi?"

Bambo anali chiimire pafupi ndi njinga. Anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso.

"Esinala, iwenso unkakhala kumbuyo?"

"Ndinali wamtali, ababa. Aatali tinkakhala kumbuyo."

"Ubwerere kusukulu. Ndikakulembetsa ndekha."

"Ababa, chinkhoswe chachitika kale. Ndikakhalenso pansi ndi ana a Sitandade 5?"

Ananena mopanda mkwiyo, n'kundibwezera magalasi aja, nabwerera ku beseni lawo. Bambo anagwada n'kuyamba kukonza tcheni cha njinga chimene chinalibe vuto lililonse. Anachikonza nthawi yaitali, nkhope atayang'anitsa pansi.

Sukulu itatsegulidwa anandiperekeza okha mpaka pansi pa mkuyu. Ndinkaopa kuti akakalipira aphunzitsi, koma anayamba ndi kupereka moni mwaulemu, kenako anafotokoza zonse. A Kamwendo anagwira pakamwa.

"Pepani bambo. Anawa achuluka. Dzina lake ndimalidziwa papepala, koma nkhope yake ndikuidziwa lero."

"Nanenso ndinkangodziwa nambala yake," anayankha bambo.

Tsiku lomwelo a Kamwendo anatiimika tonse kumbuyo, n'kumatiwerengetsa pabolodi mmodzimmodzi. Tinapezeka angapo oti tisunthire kutsogolo. Sitandade 4 ndinabwereza ndithu, pamodzi ndi ana amene kale ndinkawaona ngati makanda, ndipo dzina loti "Anamaso-anayi" linandikakamira mpaka Sitandade 8. Koma sukulu ndinamaliza. A Esinala anakwatiwa chaka chomwecho. Bambo anawatengera ku Nkhoma ukwati usanachitike, ndipo magalasi awo anali mphatso yokhayo imene anawapatsa popanda mawu alionse. Kupepesa pakamwa sanapepese, sanali munthu wotero. Koma adzing'ono anga anakula osaidziwa nthambi ya pichesi, ndipo lipoti likabwera ankayamba akhala nawo pansi n'kuwafunsa mafunso, asanayang'ane kabokosi kaja.

Lero ndine kholo, ndipo bambo anga ndimawamvetsa kuposa kale. Tsiku lotsekera sukulu nanenso mtima umathamanga, diso limafuna kuthamangira pa nambala. Sanali munthu wankhanza. Ankatifunira zimene iwo anamanidwa, ndipo ankayesa kuti mwana akamaopa ndiye kuti akulimbikira. Chimene sanadziwe n'chakuti mwana wamantha amabisa ngakhale chimene chikanamupulumutsa. Nambala ija inkanena zoona, ndinalepheradi. Koma chifukwa chake chinali ndi ine, ndipo m'nyumba mwathu munalibe mpata woti ndichinene.

A Esinala akadali ku Nathenje, ali ndi zidzukulu tsopano. Mdzukulu wawo aliyense akayamba sukulu, amamuimika pakhonde n'kumulozera tsidya la msewu kuti awauze chimene akuona. Akayankha bwino, amamusisita kumutu n'kumuuza kuti, "Ukakhoze. Koma ukalephera, ubwere udzandiuze chavuta."