Moni wa Maso Awiri

Azakhali anga ndi telala, ndipo masitayelo a madiresi amaonetsa makasitomala awo pa laputopu. Koma ali ndi lamulo lawo: munthu akalowa, amayamba atseka laputopuyo, ati moni saperekera diso limodzi. Amafunsa za ana, za mwendo unkatupa uja, kenako n'kutsegula.

Vuto linali pomwepo. Laputopu ikadzuka, intaneti inkachita ngati yapita kumaliro. Kasitomala ankangodikira, azakhali thukuta lili kamukamu, poganiza kuti laputopu yawo ikutha.

Mwana wawo wamwamuna anati, "Amayi, ingosiyani kutsekako."

"Ndisiye ulemu chifukwa cha chitsulo?"

Mpongozi wawo ndiye anakhala pansi n'kufufuza. Anapeza kuti laputopu ikagona inkazimitsanso kachipangizo ka wayifayi pofuna kusunga batire, ndipo kankachedwa kudzuka. Anachotsa kachongi m'kabokosi kamodzi ka pa sikirini kololeza kuzimitsako, basi.

Azakhali anatseka, n'kutsegula. Madiresi aja mbwee pa sikirini! Mtima unakhala pansi.

Posakhalitsa pakhomo panamveka odi. Azakhali anatseka laputopu mwachifatse, n'kumuyang'ana mwana wawo uja.

"Waona? Wofunika kukonzedwa sindinali ine."