Kutsika Phiri Injini Itazima

Atandisamutsira ku Dedza kukaphunzitsa, ana ndinawasiya kwathu ku Golomoti, ndiye Lachisanu lililonse ndinkatsika kukawaona. Minibasi inkachedwa kudzaza, choncho tsiku lina ndinakwera njinga yamoto ya kabaza.

Titafika pamene msewu umayamba kukhotakhota m'mphepete mwa phompho, eni njinga, bambo aimvi ndithu, anazimitsa injini kuti asunge mafuta. Kunangoti zii. Pansi pa phompholo ndinaona lole itagona chagada, yadzimbiri.

Ndinapsa mtima. "Bambo, ndili ndi ana ine! Lizani njingayi!"

Sanacheuke n'komwe. "Mayi, khalani chete," anatero motsitsa mawu. "Ndikumvetsera mabuleki. Kuyambira m'mawa sakumveka bwino."

Apo n'kuti tisanafike ndi pakati pomwe pa phiri.