Chigubu cha Mayi Makiyi

Pa mpanda wathu tonse timamwa madzi a mjigo wa alandilodi. Uli kuseri kwa nyumba, kumunsi kwa munda wawo wa kabichi. Makiyi a kanyumba ka pampu amasunga mayi wa khomo lakumapeto, motero timangowatcha Mayi Makiyi. Ndiwo amayatsa pampu, kutsuka thanki, kuzula udzu pampopi. Palibe anawalemba ntchito imeneyi.

A zaumoyo safika kuno. Amati mjigo wa munthu, wa mabanja owerengeka, mwini wake aziyezetsa yekha. Alandilodi amangoseka: "Ndiyezetse chiyani? Madzi oyera mbee, mutha kudziwonerapo nkhope!"

Mayi Makiyi anali ndi khanda lalikazi. Mawere atauma, ankalipatsa mkaka wam'chitini, ndipo madzi ake ankawawiritsa mpaka mphika kutsala theka, kuti tizilombo tife tonse. Mvula itayamba, milomo ya mwanayo inada bii. Anamwalirira kuchipatala. Namwino anawauza kuti mwina ndi feteleza wolowa m'madzi apansi. Ameneyo moto sumupha, ukawiritsa amangochulukana m'madzi otsalawo.

Mpaka lero, ketulo ikalira pakhomo lililonse, Mayi Makiyi amaima chilili, tsache lili m'manja.

Chaka chino mkazi wa telala wa pa mpanda pomwepa wachira, mwana wamwamuna, ndipo nayenso mawere akumuvuta. Ndinawaona Mayi Makiyi akulowa m'khitchini mwake osaodira n'kuphula mphika pambaula.

"Amayi, mwatani? Ndi madzi a mwana amenewo!"

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Thanki mumatsuka ndinu, lero mukuwakana madzi anu omwe?"

"Thanki ndimatsuka. Pansi pa nthaka sindifikapo."

Sanafotokoze zambiri. Za khanda lawo lija ndinachita kumuuza ndine mkazi wa telalayo, chapansipansi, tikuyanika zovala.

Kuyambira pamenepo, akatiyatsira pampu m'mawa, amanyamula chigubu chachikasu kupita kumpopi wa boma, kutsidya kwa msewu waukulu. Amabwera khosi litauma, n'kuchitula pakhomo la telala.

"Mwana wanga ndi bwana," amatero telala ali pamakina ake. "Madzi ake amachita kuwoloka msewu!"

Iwo saseka, ndipo tiyi amakana. Amapempha chimodzi chokha: "Ndipatseni ndimuone."

Amatuluka naye powala, amachotsa kashawelo kumaso, n'kumuyang'anitsitsa milomo mpaka mayi wake kuyamba kuchita manyazi.

Lero inali yofiira bwinobwino. Anamubweza, anayang'ana mitambo yomwe ikusonkhana pamwamba pa kabichi, n'kukatsuka chigubu cha mawa.