Purosesa Wachinayi

Ntchito ija ndinaipeza kudzera mwa mnzanga wa kutchalitchi, ndipo ndinakondwa kwambiri, chifukwa mu Lusaka muno si ambiri amene amafuna munthu wolemba keneli. Keneli ndi pulogalamu ya pansi penipeni, imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa n'kumagawira mapulogalamu ena onse malo ndi nthawi. Ndinaziphunzira kusukulu, koma ndinali ndisanazigwiritsepo ntchito pa chinthu choti munthu n'kugula.

Abwana anga anali bambo wachikulire amene analemera ndi malonda a nsalu ku Kamwala. Atatopa ndi nsalu anaganiza zopanga timakina ta pakauntala towerengera katundu m'mashopu akuluakulu. Ofesi yathu inali kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yawo ku Kabulonga. Tinalimo awiri: ine, ndi bambo wina wa ku Kitwe wodziwa za mawaya ndi kuwotcherera, munthu woseka chilichonse.

Timabodi ta makinawo, timene timakhala m'kati n'kumayendetsa zonse, abwana anatiitanitsa okha kunja, osafunsa aliyense. Pa katoni panalembedwa kuti kabodi kalikonse kali ndi mapurosesa anayi. Purosesa ndiye ubongo wa kompyuta, koma kompyuta yotere ikayaka, amene amadzuka ndi purosesa mmodzi yekha. Enawo amangokhala duu. Woyambayo ayenera kulemba mu memore adiresi ya pamene anzake ayambire, kenako n'kuwatumizira chizindikiro choti adzuke. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga, ndipo ndinauza abwana kuti si yovuta.

M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi ku Kabwata, kutsika m'tauni, kukwera ina. Ndikangolowa pageti, ndisanaike ndi chikwama pansi, abwana ankatulukira atanyamula kapu ya tiyi.

"Mwana wanga, ine n'nagula anayi. Nanga ni chani asebenza m'modzi chabe?"

"Tili pafupi, ba bosi."

Sitinali pafupi. Buku lofotokoza chipu, kachidutswa kamene mapurosesawo amakhalamo, linali lomasuliridwa mwachisawawa, ndipo malo olembapo adiresi analitchula mosiyana pa masamba awiri oyandikana. Ndinayesa konse kuwiri. Ndikatumiza chizindikiro, sikirini inkangondiyang'ana. Pamwamba pa zimenezo magetsi ankazima nthawi iliyonse imene afuna. Batire lalikulu linali m'nyumba, ndipo chingwe chathu chinkadutsa pawindo la kukhitchini. Mayi a pakhomopo akaona kuti nyama yayamba kusungunuka mufiriji, ankangozula chingwe chathucho n'kulumikiza chawo. Kangapo konse kompyuta inandithimira ndili pakati pa mzere. Ndinkatuluka panja n'kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka mtima utatsika.

Patapita nthawi ndinazindikira chimene chinkachitika. Purosesa aliyense ali ndi kathumba kake kosungiramo zinthu pafupi, kuti asamapite ku memore pafupipafupi. Adiresi imene ndinkalemba inkatsalira m'kathumba ka woyambayo. Enawo akadzuka ankapeza palibe kanthu, n'kugonanso. Ndinawonjezera lamulo lokhuthula kathumbako ndisanatumize chizindikiro.

Sikirini inadzaza zilembo zosokonekera, mawu olowana m'kati mwa anzake, chifukwa onse anayamba kulemba nthawi imodzi. Mnzanga wa ku Kitwe anasuzumira n'kugwira m'mimba ndi kuseka.

"Ba sisi, mwabausa, koma bauka bokolewa!"

Ankatanthauza kuti ndawadzutsa, koma adzuka ataledzera. Sindinaseke nawo. Ndinakonza zoti azidzuka mmodzimmodzi, aliyense ndi malo ake ogwirira ntchito mu memore, ndiponso kuti wina akamalemba pa sikirini anzake azidikira. Wachiwiri analemba kuti wadzuka. Wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi anangoti zii.

Ndisanafufuze n'komwe, abwana anali atamva kale kuseka kuja, n'kuganiza kuti ntchito yatheka. Masana a tsiku lomwelo analowa ndi mlamu wawo, mwini shopu yaikulu ku Kamwala, amene ankayembekezeka kukhala woyamba kugula makinawo. Ndinayesa kuwanong'oneza kuti sizinathe, koma iwo anangoti ndiyatse. Mlamuyo anavala magalasi, n'kuwerama, n'kuloza mizere ya pa sikirini ndi chala.

"Alamu, munati anayi. Ine naona atatu."

Abwana anandiyang'ana ngati kuti winayo ndamubisa m'chikwama. Atamuperekeza mlendoyo anabwerera n'kundiuza kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa achibale, ndipo kuti mwina ntchitoyi yandikulira.

Masiku otsatirawo ndinalimbana ndi purosesa wachinayi yekhayo. Ndinasintha nthawi yodikira, ndinasintha dongosolo lowadzutsira, ndinayesa kabodi kena, kenanso kena. Onse chimodzimodzi. Kunyumba mchemwali wanga anasiya kundifunsa za kuntchito, chifukwa ndinkamuyankha mokalipa. Pamapeto pake ndinalemba kapulogalamu kofunsa chipucho kuti chili ndi mapurosesa angati amoyo. Chinayankha kuti atatu. Ndinaitana mnzanga wa ku Kitwe uja. Anatenga kampeni n'kumatula kachitsulo koziziritsira kamene kanamatidwa pamwamba pa chipu, ndipo tinapeza kuti nambala yolembedwa pamenepo inali yosiyana ndi ya pa katoni. Chipucho chinali cha m'gulu la zimene purosesa mmodzi anatuluka wolakwika kufakitale, akufakitalewo n'kumudula, wogulitsa n'kuziika m'makatoni a zabwinobwino.

Ndinapita kukhonde kumene abwana ankawerenga mauthenga pafoni, n'kuwafotokozera zonse pang'onopang'ono, nditanyamula kabodi m'manja. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Manje siungamuuse?"

"Ba bosi, ni wakufa. Anamudula kufakitale."

"Koma alimo mukati?"

"Alimo."

"Ndiye yesa futi. Iwe unaphunzila."

Ndikanayankha zimene zinali pakamwa panga, bwenzi ntchito itathera pakhonde pomwepo. Mnzanga wa ku Kitwe ndiye anabwera kudzandithandiza, n'kuwaonetsa manambala awiri aja pafupi ndi maso. Apo m'pamene anakhulupirira. Sanapepese. Anaimbira wogulitsa uja, ndipo tinawamva akukalipa kuchokera kugeti mpaka kumpanda wa kuseri.

Patapita milungu ingapo analowa mu ofesi akumwetulira, mlonda akuwatsatira ndi katoni yatsopano. Anati apeza wogulitsa wina, wokhulupirika, ndipo timabodi take ndi tabwino kuposa toyamba tija. Ndinatsegula kamodzi n'kuwerenga nambala ya chipu. Mapurosesa analidi anayi, koma chipucho chinali cha kampani ina, ndipo njira yake yodzutsira mapurosesa inali yosiyaniratu. Pa zonse zimene ndinalemba, chotsala chogwira ntchito chinali chochepa kwambiri.

"Apa sichizavuta, waziba kale," anatero abwana. Anawonjezera kuti mlamu wawo abwera Lachisanu.

Ndinakhala pampando. Kenako ndinapempha mnzanga uja kuti andipatse chingwe cholumikizira kabodi katsopanoko, n'kuyamba kufunafuna buku lake.