Mphete ya Amayi Pamzere wa Saladi

Mphete ya amayi inkasiya mzere wobiriwira pachala. Loweruka lililonse ankaikwecha ndi phulusa la m'mbaula ndi ndimu mpaka iwale, n'kuivalanso. Anawaveka ndi bambo, amene anapita kumigodi ku Kitwe ine ndili wakhanda, ndipo makalata awo anali atasiya kubwera. Kwa anthu amayi ankati ndi golide. Ine ndikafunsa za kubiriwirako ankandinong'oneza kuti mkuwa ukausamala umakhwima n'kusanduka golide. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse.

Dzinja lina ndili mu giredi sikisi, komboni yathu ya Chawama inali matope okhaokha, masokosi osauma. Aphunzitsi anatiuza kuti golide amakumbidwa ali golide kale, ndi wolemera, sachita dzimbiri, sabiriwira. Ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti mkuwa umatenga zaka zingati kuti ukhwime. Kalasi yonse inafa nalo phwete.

"Mkuwa si mango," anatero aphunzitsi. "Anthu anayesa kuwotcha, kusungunula, kusakaniza, onse anagwa nayo."

Ndinapsa mtima koopsa. Masabata angapo ndinkalimbana ndi amayi kuti avomere kuti anandinamiza, koma iwo ankangoti, "Ba ticha bako sibaziba vonse." Yankho limenelo linkandibaya kuposa kusekedwa kuja. Ndinali mtsikana wamakani, ndipo makaniwo sanandithere mpaka lero.

Tsiku lina tinaima pamzere wa saladi, mafuta ophikira, kusitolo kuyambira m'mawa, mvula ikuwaza, zigubu zili m'manja. Mayi wina woyandikana nafe anafunsa amayi mokweza, mwadala, "Nanga bamuna banu bazabwela liti?"

Amayi anatambasula dzanja monga ankachitira nthawi zonse. "Bazabwela. Mwamuna sangagulile golide mukazi wamene afuna kusiya."

"Si golide iyo!" ndinakuwa ine. "Ni mkuwa chabe. Onani chala chao!"

Azimayi a pamzerepo anayang'ana chalacho, kenaka anayang'ana kumbali, wina akubisa kamwa. Amayi analowetsa dzanja m'chitenje. Sanandimenye, sanandikalipire, ndipo ndimalakalaka akanatero. Aphunzitsi ananena zoona, inenso ndinanena zoona, koma ndikakumbukira ndimadzikwiyira.

Tinachoka pamzerepo tisanafike kutsogolo, chigubu chili chopanda kanthu. Ndinkawatsatira amayi m'matopemo ndikunyada kuti ndapambana, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angalire bwanji chifukwa cha kachitsulo.