Tsiku Limene Amalume Anatsutsa Dokotala wa Maso

Lachiwiri ndinaperekeza amalume anga, ba Zulu a ku Kabwata, kwa dokotala wa maso m'tauni. Iwo ndi dalaivala wa basi ya ku Chelstone, ndipo masiku ano nyali za magalimoto amaziona zili ndi michira. Abwana awo sanapsatire mawu: abwere ndi magalasi, apo ayi asiye makiyi.

Dokotala, mayi wamng'ono ndithu, anawaunika m'maso ndi katochi, kenaka anawaonetsa chithunzi cha mizere yonga masipoko a njinga. Anati diso labwino ndi lobulungira ngati mpira, koma lina limakhala ngati dzira, ndiye mizere ina imaoneka yakuda bii, ina yozilala. Kuti adziwe kumene dziralo lapendekera, mwini diso ayenera kunena yekha.

"Mizele iti ioneka bwino, atate?" anafunsa dokotala.

"Yonse ili che bwino, ba dokota."

Anawaveka chimango cholemera n'kumasinthasintha timagalasi. "Ili olo ili?"

"Mwamene muonela imwe."

Dokotala anaika dala galasi loti ngakhale khoma sungalione.

"Ili ndiye labwino maningi, zikomo," anatero amalume, akuyang'ana kuchitseko.

Dokotala anaseka mpaka misozi. "Atate, menso ni yanu. Mukazingovomela, muzachoka na magalasi yamene siyazakutandizani pa mseu."

Musawaseke amalume anga. Kodi si mmene tilili tonse? Telala akatisokera buluku lothina, timati lakhala. Pamsonkhano wa chipani tcheyamani akafunsa ngati alipo wodandaula, timaomba m'manja, kudandaula n'kukayambira panjira. Tinaleredwa kuti wophunzira ndi waudindo satsutsidwa, ndipo ulemuwo ndimaukonda. Koma tsiku limenelo unandiopsa, chifukwa unatsala pang'ono kulanda munthu ntchito.

Amalume anayang'ananso mizere ija, n'kunong'ona ngati akuulula tchimo kwa ansembe. "Iyi ya pakati ndiye yakuda. Izi zinangu ni nkhungu chabe."

Dokotala anazunguliza kagalasi pang'onopang'ono, mpaka amalume, poona zilembo za pakhoma, anakuwa: "Apo! Kansi zilembo zimankala na makona!"

Magalasi atuluka sabata yamawa. Koma titatuluka panja, amalume anali akadali ndi manyazi, ati amuchitira mwano mwana wa eni.

Nanga inu awerengi, mwavala kale magalasi angati osakuyenerani, chifukwa choopa kunena kuti simukuona?